Za Mzere Wowongoka: Kupenda Chiphunzitso cha Kaplan pa Kalembedwe ka Mtsutso m'Chingerezi

Pali vuto lina lodziwika kwa aphunzitsi a Chingerezi m'maiko onse kumene ana achipeza chiyankhulochi kusukulu, osati pamsana pa amayi awo. Wophunzira afika pa msinkhu woti malamulo a chiyankhulo amukhala ndithu: aneni awasintha bwino, mawu ali nawo ochuluka, ndipo mphunzitsi akatenga cholembera chake chofiira asowa poti akonze. Koma wophunzira yemweyo akauzidwa kuti alembe chimangirizo chokopa anthu kuti avomereze maganizo ake, chituluka chinthu chodabwitsa. Wowerenga afika kumapeto osapeza cholakwa chilichonse, komanso osapeza chifukwa chosinthira maganizo amene anali nawo poyamba. Ziganizo zili bwino chimodzichimodzi, koma pamodzi sizikoka munthu.

Ophunzira zauphunzitsi angayese kuti nkhani imeneyi ndi ya aphunzitsi a ku sekondale ndi ku yunivesite okha. Si tero ayi. Iwo eni ndiwo ophunzira otere, pakuti ntchito zawo zambiri za pa koleji azilemba m'Chingerezi, ndipo tsiku lina adzalembera akulu awo makalata opempha mabuku, madenga ndi zitsime. Chinanso n'chakuti chizolowezi cha kutsutsana, chabwino kapena choipa, mwana achitenga m'makalasi apansi, kumene iwo adzakhala akuphunzitsa. Tsono n'koyenera kuti adziwe chiphunzitso chimene chinalamulira maganizo a aphunzitsi ambiri pa nkhaniyi, ndi kuchipima asanachilandire.

Chiphunzitsocho ndi cha Robert Kaplan, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Southern California ku America. M'chaka cha 1966 iye anasindikiza nkhani m'magazini yotchedwa Language Learning, atapenda zimangirizo pafupifupi 600 zimene ophunzira ochokera maiko ena analemba m'Chingerezi. Mfundo yake inali yakuti mtundu uliwonse wa anthu uli ndi kayendedwe kake ka maganizo, ndipo kuti wophunzira asenza kayendedwe ka kwawo kulowa nako m'Chingerezi monga momwe asenzera katchulidwe ka mawu. Kuti zimveke, anajambula tizithunzi tisanu. Ndime ya Mngerezi anaionetsa ndi mzere wowongoka, wotsika kuchokera pa mutu wa nkhani mpaka pa mathero ake. Ya oyankhula Chiarabu ndi ziyankhulo zinzake inali mizere yopita ndi kubwerera, chifukwa cha kukonda kwawo kunena chinthu kawiri m'mawu ofanana kulemera. Ya a ku China ndi ku Korea inali mzere wodzizinga ngati nkhata, wozungulira nkhani osaigunda msanga. Ya oyankhula Chifalansa ndi Chisipanishi inali njira yopatukapatuka, ndipo ya a ku Russia inali yofanana nayo koma yodukaduka.

Wopenda wachilungamo ayenera kuyamba ndi kuthokoza. Kaplan asanalembe, aphunzitsi ambiri a Chingerezi kwa alendo ankayang'ana chiganizo chokha, ndipo iye anakweza maso awo kuti aone ndime yonse. Anawakumbutsanso kuti wophunzira wolemba mosokoneza sakhala wopusa nthawi zonse. Kawirikawiri akhala akutsata dongosolo lina limene mphunzitsi salidziwa. Izi n'zoona, ndipo kuchokera pamenepa panamera nthambi yonse ya maphunziro yoyerekeza kalembedwe ka ziyankhulo, imene Ulla Connor anaisonkhanitsa m'buku lake la 1996.

Koma tizithunzi tija tinayenda ulendo wautali kuposa nkhani imene tinachokeramo. Tinali tosavuta kukopera pa bolodi ndi kukumbukira, ndipo munthu akationa mtima wake unena msanga kuti mzere wowongoka ndiwo wabwino, inayo ndi yolakwa. Pakuti ndani afuna kutchedwa woganiza mokhotakhota?

Umboni wa Kaplan uli ndi chilema. Iye anapima zolemba za ophunzira, anthu amene anali kulimbana ndi chiyankhulo chachilendo, nayesa kuti waonamo mtima wa mitundu yawo. Koma munthu wosenza mtolo wolemera pa njira imene saidziwa apunthwa, ndipo kupunthwa kwakeko sikuonetsa m'mene anthu a kwawo ayendera. Bernard Mohan ndi Winnie Lo, polemba m'chaka cha 1985 za ophunzira a ku Hong Kong, ananena kuti mabuku a Chitchaina nawonso alangiza kulunjika pa mfundo, ndi kuti vuto la ophunzirawo linachokera makamaka ku sukulu zawo, kumene maphunziro a Chingerezi ankathera pa kukonza ziganizo, osafika pa kamangidwe ka nkhani yonse. Mphunzitsi wa ku Lilongwe kapena ku Chipata adzifunse ngati kalasi lake lasiyana kwambiri ndi makalasi amenewo.

Chilema chachikulu chili pa mzere wowongoka womwewo. Kodi eni Chingerezi alembadi motero? Lamulo lakuti ndime iyambe ndi chiganizo cholengeza mutu wake, chiyankhulo sichinabadwe nalo. Linafalitsidwa ndi mabuku a sukulu, makamaka buku la Alexander Bain wa ku Aberdeen, la m'chaka cha 1866, zaka 100 zenizeni Kaplan asanajambule mzere wake. M'chaka cha 1974 Richard Braddock anatenga nkhani 25 za m'magazini otchuka a ku America napenda ndime zake imodziimodzi. Anapeza kuti mwa ndime 100 zilizonse zofotokoza zinthu, 13 zokha ndizo zinayamba ndi chiganizo chotere. Ndiye kuti Kaplan anayerekeza zimene alendo achita ndi zimene eni chiyankhulo alamulidwa kuchita kusukulu, osati zimene achitadi akakula. Iye mwini, m'chaka cha 1987, anavomera kuti ananena mopitiriza, ndi kuti njira zonse zija zitheka m'chiyankhulo chilichonse, kungoti mtundu wina ukonda ina koposa inzake. Ayenera ulemu pa kuvomera kumeneku. Koma mawu obweza sayenda mtunda umene mawu oyamba anayenda.

M'kalasi mzere wowongoka unakwatirana ndi chikombole cha ndime zisanu, chofala m'sukulu za ku America ndi m'mabuku okonzekeretsa mayeso: ndime yoyamba ilengeza maganizo, zitatu zipereka zifukwa, yomaliza ibwereza yoyamba. Chikombole chili ndi ntchito yake. Wophunzira wamantha amene wapatsidwa mphindi 40 m'chipinda cha mayeso chimupulumutsa. Koma chikombole chiumba njerwa, sichimanga nyumba. Zifukwa zitatu zija zigona pamodzi, firstly, secondly, thirdly, popanda dothi lozigwirizanitsa, ndipo zikhoza kusinthana malo osawononga kanthu, chimene chisonyeza kuti palibe chotsamira pa chinzake. Choipa koposa n'chakuti m'chikombolemo mulibe malo a munthu wokana, kotero kuti wophunzira azolowera kutsutsana ndi mphepo.

Pa tizithunzi tisanu tija palibe ka chiyankhulo chilichonse cha pakati kapena kumwera kwa Africa. Komabe n'kosavuta kuganiza chimene mlendo akanajambula atakhala tsiku limodzi pa bwalo la mfumu, ndipo m'pofunika kuona chifukwa chake akanalakwa.

Pabwalo mlandu suyamba ndi chigamulo. Mwini dandaulo, kapena nkhoswe yake, apereka ulemu, nayamba nkhani kutali, pa tsiku limene zinthu zinayamba kupotoka. Mwachitsanzo, mbuzi zadya chimanga cha mnansi. Wodandaula sayamba ndi madengu amene afuna kulipidwa. Ayamba ndi chaka chimene anapatsidwa mundawo, anena m'mene anachenjezera mwini mbuzi pamene mvula yoyamba inagwa, atchula amene analipo pochenjezapo, ndipo pomaliza pake afika pa m'mawa umene anapeza chimanga chadyedwa mpaka pansi. Mlendo womvera angati munthuyu azungulira. Koma akulu a pabwalo afuna zomwezo, pakuti iwo amanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mlandu wodulidwa mutu sauweruza. Ndiponso pali chifukwa china chimene wodandaula satsogozera chigamulo. Chigamulo ndi cha mfumu ndi nduna zake, ndipo munthu wochitchula poyamba aoneka ngati wakhala pa mpando wa eni. Mwana wokulira m'mwambo umenewu akauzidwa kuti alembe maganizo ake m'chiganizo choyamba, kawirikawiri chimene chimugwira dzanja ndi ulemu. Mphunzitsi amuuze poyera kuti m'chimangirizo cha Chingerezi mpando wa woweruza ndi wa wowerenga, ndi kuti wolemba akatchula poyamba chimene afuna sakugamula ayi, angodziwitsa woweruzayo mlandu umene wabwera nawo kuti aumvere bwino. Mwana akamva zimenezi dzanja limasuka.

Kayalidwe ka mfundo tsono ndi vuto laling'ono, lotheka kukonzedwa m'masabata ochepa. Lalikulu lili pa zimene pabwalo sizinenedwa. Pa mlandu wa mbuzi uja palibe aimirira kuti afotokoze kuti mwini chiweto ayankha pa zimene chiweto chake chawononga, kapena kuti nthawi ya dzinja mbuzi zimangidwa. Onse adziwa, kuzinena kukanakhala kuwayesa ana akulu a pamudzi. Pamene pafunika kukumbutsa lamulo, nduna iponya mwambi. Mwini mbuzi akadandaula kuti kumanga ziweto tsiku ndi tsiku n'kotopetsa, auzidwa kuti walira mvula walira matope, ndipo nkhani yatha pomwepo. Mwambiwo wagwira ntchito ya ndime yathunthu, pakuti wagwirizanitsa chochitikacho ndi lamulo limene anthu onse analivomera kale asanakhale pansi.

Kachitidwe kameneka si ka Achewa okha. Aristotle, m'buku lake la luso la kuyankhula mokopa, limene analemba ku Greece zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti woyankhula pa gulu sanena mfundo zonse. Asiya zimene omvera azidziwa kuti adzazemo okha, ndipo mtsutso wotere dzina lake ndi enthymeme. Anapatula chigawo chathunthu cha mawu anzeru ofupika, nati anthu akondwa akamva woyankhula akunena monga lamulo chinthu chimene iwo anachikhulupirira kale, natinso mawu otere ayenera akulu, ndipo m'kamwa mwa mnyamata sakhala bwino. Mkulu aliyense wa pabwalo angavomereze zonsezi. Bwalo ndi Aristotle ali mbali imodzi. Chimene chasiyana m'chimangirizo ndi omvera.

Wolemba m'Chingerezi alembera munthu amene samuona: woyesa mayeso, mkulu wa ku ofesi, mlendo wa dziko lina. Munthu ameneyo sanakulire pamudzipo, ndipo sangathe kudula mawu kuti afunse. John Hinds, m'chaka cha 1987, anagawa ziyankhulo pawiri, zina zosenzetsa wolemba udindo wa kumveketsa nkhani, monga Chingerezi, zina zousiyira wowerenga, monga Chijapani. Kugawaku kuli ndi phindu, koma kukhoza kusokeretsa monga tizithunzi ta Kaplan. Mngerezi wolembera mbale wake kalata naye asiya zambiri zosanena, ndipo Mchewa wofotokozera mlendo za chikamwini ayala zonse bwinobwino. Chimene chilamula ndi kutalika kwa mtunda pakati pa wolemba ndi wowerenga.

Pa vuto limeneli buku lothandiza koposa silinalembedwe ndi mphunzitsi wa chiyankhulo. Stephen Toulmin, katswiri wa nzeru za kaganizidwe wobadwira ku London m'chaka cha 1922, anatulutsa The Uses of Argument m'chaka cha 1958. Anzake a ku Britain sanalilandire ndi manja awiri. Amene analitola anali aphunzitsi a kuyankhula ndi a mitsutso ku America. Toulmin anati mtsutso wa tsiku ndi tsiku ufanana ndi mlandu wa ku khoti koposa samu, mawu amene ayenera kukondweretsa aliyense wodziwa bwalo. Anaugawa m'ziwalo zisanu ndi chimodzi. Pali chimene munthu afuna kuti chivomerezeke, pali umboni umene waimapo, ndipo pakati pa ziwirizi pali chiwalo chimene iye anachitcha warrant, chomwe m'Chichewa chingatchedwe ulalo, popeza ndicho chiwolotsa womvera kuchoka pa umboni kufika pa chigamulo. Zitatu zotsalazo ndi mizati yochirikiza ulalowo wina akaukayikira, mawu osonyeza kukula kwa chitsimikizo, ndi malo amene mfundoyo sigwira.

Ntchito ya ulalo ioneka bwino pa chitsanzo. Wophunzira alemba m'Chingerezi chosalala kuti atsikana ochedwa kusukulu asamalangidwe, chifukwa chitsime chili kutali. Kwa mnzake wa pamudzi mtsutso wakwana. Kwa wowerenga wa ku Leeds, amene madzi ake atuluka pa mpopi wa m'nyumba, chitsime ndi kuchedwa ndi magombe awiri a mtsinje opanda chowolokera. Pasowa zinthu ziwiri. China ndi chochitika, kuti pamudzi atsikana ndiwo kawirikawiri atunga madzi mbandakucha asanapite kusukulu. Chinacho ndi lamulo, kuti munthu salangidwa pa chinthu chimene sichili m'manja mwake. Wophunzirayo zonsezi azidziwa, ndipo kuzidziwa kwakeko ndiko kwamubisira kuti zasowa. Mphunzitsi wotsata Kaplan amuuza kuti awongole mzere, ndipo mwanayo asuntha ziganizo zomwezo, kutsogoza ichi ndi kubweza icho, mtsinje uli pomwepo. Mphunzitsi wotsata Toulmin angomufunsa kuti, “Wawolokera pati?”

Ziwalo ziwiri zomaliza ndizo zifuna kudekha, pakuti m'menemo muli Chingerezi chenicheni chimene ophunzira apamwamba asowa. Mawu onga most, probably, unless ndi although awadziwa tanthauzo lake, koma sawakhulupirira. Akonda always, everybody knows ndi it is obvious, poyesa kuti mawu olimba ndiwo mtsutso wolimba, ndi kuti kuvomera kanthu kwa wotsutsa ndiko kugonja. Motero wowerenga akakumbukira mtsikana mmodzi yekha amene anachedwa chifukwa cha phada, chimangirizo chonse chagwa. Wophunzirayo akadalemba kuti atsikana ambiri achedwa chifukwa cha madzi, ndi kuti chilango chiyenera okhawo amene achedwa chikhalirecho kwawo kuli pafupi ndi mjigo, wotsutsa akadasowa pogwira. Chodabwitsa n'chakuti luso limeneli ophunzira ali nalo kale m'chiyankhulo chawo. Mwini mbuzi wochenjera sakana zimene mudzi wonse waona. Ati, “Inde, mbuzi n'zanga, ndipo zadyadi, sindikana, koma chingwe anadula ndi ana a wodandaulayu.” Mawu awiri aja, inde ndi koma, ndiwo although wa Angerezi, ndipo mphunzitsi amene awaika pafupi pa bolodi wafupikitsa ntchito ya miyezi.

Toulmin nayenso asapembedzedwe. Buku lake sanalembere ana asukulu, ndipo pamene aphunzitsi asandutsa ziwalo zisanu ndi chimodzi zija mndandanda woloweza pamtima, chikombole china chabadwa, cholemera kuposa choyamba. Ngakhale akatswiri avutika kulekanitsa umboni ndi ulalo m'zolemba zenizeni. Ndiponso iye anena zochepa za zinthu ziwiri zimene Aristotle anaziika pambali pa mfundo: khalidwe la woyankhula, limene lichititsa anthu kumukhulupirira, ndi mtima wa omvera. Pabwalo zimenezi sizinaiwalikepo. Mawu omwewo alemera mosiyana m'kamwa mwa munthu wodziwika ndi choona ndi m'kamwa mwa wabodza.

Zonsezi zingayesedwe pa kalata imodzi ya m'mbiri ya Malawi, yolembedwa ndi munthu amene Chingerezi sichinali chiyankhulo chake choyamwira. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira pa koleji ya ubusa ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Anabwerera m'chaka cha 1900 nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika mu Seputembala ndipo anthu akuda ataferako, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaula za kulowetsa anthu a mtundu wake m'nkhondo ya Azungu. Mawu ake asungidwa m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la m'chaka cha 1958.

Kalatayo siyenda pa mzere wa Kaplan, ndiponso sikwana m'chikombole cha ndime zisanu. Koma ndi ntchito ya munthu wodziwa amene akumulembera. Owerenga ake anali Azungu a m'maesiteti ndi a m'boma, anthu okonzeka kumuyesa woukira. Motero Chilembwe ayamba wadzikonzera poima. Alemba m'malo mwa anthu a dziko lake, osati pa dzina lake lokha, ndipo akumbutsa kuti anthuwo akhala okhulupirika kwa boma kuyambira pachiyambi pake, ndi kuti anaima kutsogolo pa nkhondo zake zakale. Owerenga sakanakana, pakuti asilikali a ku Nyasaland anali atamenya nkhondo ku Ashanti m'chaka cha 1900 ndi ku Somaliland zaka zotsatira. Kenaka aika nthawi ziwiri pafupi, ya mtendere ndi ya nkhondo, nasonyeza kuti pa mtendere zabwino zipita kwa Azungu, ndipo pa nkhondo mpamene munthu wakuda ayesedwa wofanana nawo. Ulalo wake ndi wakuti osenza mtolo pamodzi agawane phindu pamodzi, ndipo nzeru yake ili pakuti ulalo umenewu anaumanga ndi mitengo ya owerenga ake. Ndi lamulo limene Angerezi eni ankadzitamanda nalo. Sanaponye mwambi wa ku Chiradzulu, umene iwo sakanaumva. Mtima wa owerenga augunda potchula akazi ndi ana amasiye amene msilikali wosauka asiya, popeza alibe chuma china. Ndipo pafupi ndi mapeto avomera kuti zinthu zachitika kale ndipo sizingabwezedwe, kuonetsa kuti sakana chimene onse aona.

Pofooka palinso. Kalatayo ifunsa ngati anthu adzapeza zabwino nkhondo ikatha, koma sitchula momveka chinthu chimene boma lichite, ndipo ithera pa kusiya zonse m'manja mwa boma ndi mwa Mulungu. Mwina umenewu ndi ulemu wa pabwalo uja, wosiyira mfumu chigamulo. Mwinanso ndi kuchenjera kwa munthu wolemba pa nthawi ya nkhondo, pamene pempho lomveka likanatchedwa kuukira. Kaya n'chiti, wowerenga amene wakopeka asiyidwa osadziwa choti achite mawa.

Kalatayo sinakope boma. Oyang'anira nkhani pa nthawi ya nkhondo analetsa kuti ifalikire, ndipo pa 23 Januwale 1915 kuukira kunayamba. Chilembwe anaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Mabuku ophunzitsa mtsutso sakonda kunena za zotere, pakuti alonjeza wophunzira kuti mfundo zabwino zipambana. Pa bwalo la mfumu onse awiri apatsidwa mpata, koma pali mabwalo ena kumene woweruza ndiye mwini mlandu. Ophunzira akulu ayenera kuuzidwa zimenezi, kuti aziyesa kalata pa kamangidwe kake, osati pa yankho lokha limene inalandira.

Kwa mphunzitsi wa ku pulayimale ntchito iyambira m'chiyankhulo cha ana. Ku Malawi lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma Chichewa chikadali phunziro, ndipo nthawi yake ndi imene mwana angatsutse ndi mphamvu zake zonse, osawopa kupunthwa pa mneni. M'menemo mphunzitsi abweretse mlandu waung'ono wa m'kalasi momwemo, monga wa buku limene wina anabwereka ndipo mvula yalinyowetsa, asankhe wodandaula, woyankha ndi nduna. Iye mwini akhale mlendo wochokera kutali, wosadziwa kanthu za mudzi, amene pa mfundo iliyonse afunsa powolokera. Mwana akaponya mwambi, mlendoyo anene kuti saumva, kufikira mwanayo ataumasula m'mawu wamba. Pakuti mwambi womasulidwa ndiwo ulalo umene chimangirizo cha Chingerezi chifuna, pomwe mwambi wotembenuzidwa liwu ndi liwu ungokhala chokongoletsa. Nduna zisanagamule, wodandaula anene mfundo yolimba ya mnzake m'mawu amene mnzakeyo avomereza. Gawo limeneli ndilo lovuta, ndipo ana alikana poyamba.

M'makalasi apamwamba mlandu womwewo ulembedwe m'Chingerezi kawiri, koyamba kwa mnzake wa pa desiki, kachiwiri kwa mlendo uja. Kalata yachiwiri ituluka yaitali, ndipo ana akaika ziwirizo pamodzi aona okha zimene anawonjeza. Pochonga, mphunzitsi asiye kaye zolakwa za aneni pa ulendo woyamba, aike chizindikiro pokhapo pamene wowerenga wachilendo angagwere m'madzi. M'kalasi la ana ochuluka sizitheka kuchonga zonse motere. Zimangirizo zitatu kapena zinayi zowerengedwa mokweza, kalasi lonse likufunafuna maulalo osowa, zikwanira pa sabata imodzi.